Mpando wotchipa, ulendo wochedwa: za mabasi ogawana a pakati pa Alicante ndi Benidorm

Mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Alicante-Elche ndi tauni ya Benidorm, imene ili m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Spain, ndi wa makilomita pafupifupi 60, ndipo galimoto yoyenda mosaima imaumaliza m'mphindi 45 kapena kuposerapo pang'ono. Komabe mlendo amene wagula mpando m'basi yogawana ndi anthu ena akhoza kutha maola awiri kuchokera pamene wanyamula sutikesi yake pabwalo kufikira pamene walandira kiyi wa chipinda ku hotela. Kuchedwa kumeneku sikutanthauza kuti pali chimene chalakwika, popeza ndi mmene malondawo anakonzedwera: ndalama zimene mlendo wapulumutsa pa mtengo wa mpando amazibweza mwa kudikira. Mabasi ndi maminibasi amenewa, amene eni ake ndi alendo omwe amangowatchula kuti shuttle, amanyamula anthu osadziwana amene atsika ndege zosiyanasiyana, n'kumawatula gulu ndi gulu pa mahotela awo, ndipo mpando wake umagulidwa pa intaneti ulendo usanayambe.

Kuti tauni ya anthu okhazikika oposa 70,000 ikhale ndi malonda otere, chiyambi chake chili m'zaka za m'ma 1950. Benidorm unali mudzi wa asodzi ndi amalinyero, wodziwika ndi usodzi wa nsomba zikuluzikulu za tuna zimene ankazitchera ndi maukonde aakulu ozikidwa m'nyanja, ndipo usodzi umenewu utatsekedwa mu 1952 anthu ambiri anasowa pogwira. Pedro Zaragoza, amene anakhala mfumu ya tauniyo kuyambira mu 1950, anaona kuti chuma chotsala chinali dzuwa ndi mchenga wa pagombe, choncho mu 1956 khonsolo inavomereza mapulani a misewu yotakata ndi malo omangapo mahotela, ndipo patapita zaka zochepa inalolanso kuti nyumba zizitalika kupita kumwamba malinga zisiye mpata wokwanira pansi. Bwalo la ndege la ku El Altet, limene lero limatchedwa Alicante-Elche Miguel Hernández, litatsegulidwa mu 1967, makampani okonza maulendo a tchuthi a ku Britain ndi maiko ena a kumpoto kwa Ulaya anayamba kutumiza alendo ndege zodzaza. Masiku amenewo mlendo sankaganizako za galimoto yochoka pabwalo, chifukwa ndege, basi ndi hotela zinkagulitsidwa pamodzi pa mtengo umodzi, ndipo wantchito wa kampani ankamudikira pakhomo lotulukira atanyamula chikwangwani ndi mndandanda wa maina.

Dongosolo limeneli linayamba kuphwasuka maiko a mu European Union atamasula kotheratu malonda a ndege mu 1997, zimene zinapatsa mpata makampani a ndege zotchipa, monga Ryanair ndi easyJet, kuti azigulitsa mpando wokha popanda china chilichonse. Intaneti itafala, anthu anazolowera kugula tikiti ya ndege kwina ndi chipinda cha hotela kwina, ndipo kugwa kwa makampani akale, Monarch mu 2017 ndi Thomas Cook mu September 2019, kunasonyeza kuti msika wasintha, ngakhale kuti maulendo ogulitsidwa pamodzi sanathe. Chimene chinatsala pakati popanda mwini ndi makilomita 60 aja. Bwalo la Alicante linalandira anthu oposa 18 miliyoni mu 2024, ndipo dziko lakunja limene limatumizako anthu ambiri ndi Britain, koma mpaka lero palibe njanji yofika pabwalopo, kotero kuti aliyense wotsika ndege amachokapo pa msewu basi.

Mpando wa shuttle umatchipa chifukwa cha mmene Benidorm inamangidwira. Tauni imene inakula chopita kumwamba imaunjika mabedi zikwizikwi pa malo ochepa, moti dalaivala angathe kutula anthu a mahotela asanu kapena asanu ndi limodzi asanayende makilomita ambiri, pamene m'madera amene nyumba za tchuthi zinamwazikana m'mapiri ntchito yomweyo ikanadya mafuta ndi nthawi yochuluka. Gran Hotel Bali yokha, imene inatsegulidwa mu 2002 ndipo ndi yotalika mamita 186, imagoneka anthu okwanira kudzaza mabasi angapo. Kuchotsedwa kwa malipiro a pa zipata za msewu waukulu wa AP-7 pa 1 January 2020 kunachepetsanso ndalama zoyendetsera galimoto panjirayi. Koma phindu la kampani limadalira chinthu chimodzi chimene wokwera minibasi pa depoti ya ku Lilongwe amachidziwa bwino, chakuti galimoto yosadzaza ndi yoluza, ndipo kusiyana n'kwakuti ku Alicante si kondakitala amene amaitanira anthu, koma kompyuta imene imasonkhanitsa maina a okwera ndege zotera nthawi zoyandikana n'kuwaika m'galimoto imodzi. N'chifukwa chake makampani ambiri amalemba m'malamulo awo kuti wokwera angadikire pabwalo mpaka pafupifupi ola limodzi, ndipo amene wafika msanga amadikira anzake a ndege ina amene mwina akadali pamzere woonetsa mapasipoti.

Ntchito yosungitsa mpando imaoneka yaing'ono, koma ndi pamene mavuto ambiri amabadwira. Fomu ya pa intaneti imafunsa nambala ya ndege, tsiku ndi nthawi yotera, dzina la hotela kapena adiresi ya nyumba, chiwerengero cha akulu ndi ana, komanso nambala ya foni imene idzagwire ntchito ku Spain. Nambala ya ndege, yomwe ndi zilembo ziwiri kapena zitatu zotsatiridwa ndi manambala, ndi imene kampani imayang'anira ngati ndegeyo yachedwa, choncho amene walemba nambala ya risiti ya tikiti m'malo mwake wadzichotsera yekha chitetezo chimenecho. Nthawi yofunika ndi yotera, yowerengedwa monga mwa mawotchi a ku Spain, amene ali patsogolo pa a ku Britain ndi ola limodzi, ndipo ndege imene yanyamuka Lachisanu usiku n'kutera itangokwana 12 koloko yatera Loweruka, chinthu chimene wosungitsa mpando mothamanga amachiiwala mosavuta n'kupezeka kuti analipira mpando wa dzulo lake. Dzina la hotela nalo limasokoneza, popeza kampani imodzi ingakhale ndi mahotela angapo a maina ofananafanana m'mbali zosiyana za tauni, ndipo ena amene amalengezedwa kuti ali ku Benidorm ali ku Cala de Finestrat kapena ku Albir, kumene mtengo ndi njira zingasiyane.

Katundu amene mpando umalola kawirikawiri ndi sutikesi imodzi ndi kachikwama ka m'manja. Ndodo za gofu, njinga, ngolo za ana ndi timagalimoto tamagetsi ta anthu ovutika kuyenda, timene timaoneka kwambiri m'misewu ya Benidorm chifukwa tauniyi imakondedwa ndi okalamba makamaka nyengo yozizira, ziyenera kunenedwa pasadakhale ndipo nthawi zambiri zimalipiridwa padera. Makolo amayeneranso kufunsa za mipando ya ana, chifukwa lamulo la ku Spain limafuna kuti mwana wosapitirira masentimita 135 akhale pa mpando wake wapadera m'galimoto zing'onozing'ono, koma si kampani iliyonse ya shuttle imene imapereka mpandowo.

Pali chinanso chimene ogula ambiri sachizindikira, chakuti kampani imene yalandira ndalama pa intaneti nthawi zambiri si imene ili ndi mabasi. Pamsikawu pali makampani a komweko, monga Beniconnect, amene amayendetsa okha galimoto m'chigawo cha Costa Blanca, ndipo palinso amkhalapakati amene amagulitsa mipando ya m'maiko ambiri n'kupereka ntchitoyo kwa eni mabasi a dera lililonse. Zinthu zikamayenda bwino kusiyanaku sikuoneka, koma usiku, mlendo akamafunafuna dzina la kampani imene anailipira pa matebulo a pabwalo osalipeza, m'pamene amawerenga bwino kapepala kotsimikizira kuti analipira, kamene amakatcha voucher, n'kuona kuti pansi pake palembedwa dzina lina ndi nambala ina ya foni. Kapepala kameneka ndi kamene kamanena malo okumanirana, ndipo n'kwanzeru kukasindikiza kapena kukasunga m'foni mwa njira yosafuna intaneti. Pa tebulo pamakhala wantchito amene amachonga dzina pa mndandanda, kutchula nambala ya malo oimikapo basi ndi kunena kuti wokwera asapite patali. M'basimo dalaivala amalongedza masutikesi motsatira mmene anthu adzatsikire, kotero kuti amene sutikesi yake yakankhidwira mkati kwenikweni angadziwiretu kuti adzatsika pomaliza. Basi yochokera ku Alicante imafikira mbali ya gombe la Poniente, ndipo wopita ku Rincón de Loix, kumathero a gombe la Levante kumene kumakonda kukhala alendo a ku Britain, angazungulire tauni yonse asanafike. Amene hotela yake ili m'timisewu topanikiza ta tauni yakale amatsitsidwa pa siteji yoyandikira n'kumaliza wapansi, akukoka katundu wake.

Funso lalikulu m'malonda amenewa ndi lakuti ndani amasenza vuto ndege ikachedwa, ndipo apa malamulo amateteza mlendo pang'ono kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Lamulo la European Union la nambala 261 la mu 2004, limene dziko la Britain linasunga lofanana nalo litatuluka m'bungweli, limapereka chipukutamisozi cha pakati pa 250 ndi 600 euro kwa amene ndege yake yafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposerapo pa zifukwa zimene kampani ya ndege ikanatha kuzipewa. Koma kuchedwa kwa maola awiri, kumene sikubweretsa chipukutamisozi chilichonse, n'kokwanira kuti basi inyamuke. Lamulo lina la European Union la mu 2015 la maulendo ogulitsidwa pamodzi, limene linayamba kugwira ntchito mu July 2018, limati wokonza ulendo ndiye ali ndi udindo pa zonse zimene anagulitsa mu mtolo umodzi, basi ya pabwalo ikuphatikizidwa, koma mpando umene mlendo wadzigulira padera uli kunja kwa mtolo umenewo. Ngakhale ufulu wodziwika wobweza chinthu chogulidwa pa intaneti pasanathe masiku 14 sukhudza mtengatenga wa anthu. Chotsala ndi malamulo a kampaniyo, amene nthawi zambiri amalonjeza kuika wochedwa m'basi yotsatira ngati muli malo, lonjezo limene ndi lolimba masana a mwezi wa August pamene mabasi amanyamuka pafupipafupi, koma lopepuka kwa wotera pakati pa usiku mu February. Kuchedwa sikuchokera ku ndege kokha: kuyambira pa 12 October 2025 maiko a dera la Schengen, kuphatikizapo Spain, anayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala za alendo ochokera kunja kwa European Union, zimene zimakhudza a pasipoti ya Britain komanso Amalawi okhala ku Britain, amene pamwamba pa izi amafunika viza ya Schengen ngati akuyendera pasipoti ya Malawi.

Ulendo wobwerera ndi umene umadandaulitsa anthu kwambiri, chifukwa basi imayenera kutola anthu a mahotela ambiri n'kufikitsa aliyense nthawi yabwino, choncho imayamba kutola maola atatu kapena anayi ndege isananyamuke, ndipo wa ndege ya 7 koloko m'mawa amapezeka ataima pakhomo pa hotela tambala asanalire. Nthawi yeniyeni yotengedwa imadziwika kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo udindo woifufuza pa intaneti kapena pa foni ndi wa wokwera. Dalaivala amene ali ndi anthu ena makumi atatu oti akwere ndege sangadikire munthu mmodzi amene akufunafuna pasipoti m'chipinda, ndipo pamenepa n'zovuta kumuimba mlandu.

Posankha njira yoyendera, masamu a mitengo ndi amene ayenera kuweruza. Shuttle imalipiritsa munthu aliyense payekha, pamene takisi kapena galimoto yobwereka ndi dalaivala wake imalipiritsa galimoto yonse, kotero kuti mwayi wa mtengo umene woyenda yekha kapena anthu awiri amaupeza umachepa anthu akafika anayi, ndipo banja la ana ang'onoang'ono lofika usiku limapindula kwambiri likalipira galimoto yakeyake. Wosankha njira imeneyi ayang'ane nambala ya kumbuyo kwa galimotoyo, chifukwa ku Spain matakisi ndi galimoto zing'onozing'ono zololedwa kunyamula anthu molipiritsa zimakhala ndi nambala ya buluu kumbuyo. Mbali inayo kuli mabasi a kampani ya ALSA, amene amachoka pabwalo la ndege kupita ku Benidorm pa nthawi zoikika ndipo sadikira ndege ya aliyense, koma amatula anthu pa malo awo oimapo osati pakhomo pa hotela. Amene alibe katundu wambiri ndipo sakuthamangira kanthu angakwere basi ya C-6 mpaka mumzinda wa Alicante, n'kukwera sitima ya TRAM ya mzere wa L1 pa siteshoni ya Luceros, imene imadutsa m'mbali mwa nyanja kudzera ku El Campello ndi Villajoyosa n'kufika ku Benidorm patapita ola limodzi ndi mphindi zingapo, ngakhale kuti siteshoni yake ili kumtunda kwa tauni, patali ndithu ndi mahotela a pagombe la Levante.