Khukhi ndi Khitchini: Kumene Liwu la "Cook" Linachokera

Munthu wofika pa Msundwe, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, amalandiridwa ndi utsi wa ziwaya. Apa mnyamata akukazinga tchipisi, apo wina akuwotcha chimanga, uko amayi akugulitsa mtedza wokazinga. Koma mwana wa sukulu akauzidwa kuti afotokoze zonsezi m'Chingerezi, kawirikawiri amathamangira liwu limodzi lokha, "cook", ngati khasu lolimira munda uliwonse.

Liwuli Angerezi anachita kubwereka. Linachokera ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma, mmene "coquere" ndi kuphika ndipo "coquus" ndi munthu wophika. Linalowa m'Chingerezi chakale chaka cha 1000 chisanakwane, ndipo poyamba linali dzina la munthu basi. Linadzakhala mneni cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Pa tsinde lomwelo panaphukanso "kitchen" ndi "biscuit", lomwe tanthauzo lake ndi chinthu chophikidwa kawiri. Motero agogo a ku Namitete akamasimba kuti amuna awo anali khukhi kwa Mzungu, kapena akamatuma mdzukulu ku khitchini, amatchula mawu a Aroma mosadziwa.

Msampha woyamba uli pomwepa. Popeza wophunzitsa ndi "teacher" ndipo wolima ndi "farmer", wophunzira amaganiza kuti wophika ndi "cooker". Iyayi! Wophika ndi "cook", pamene "cooker" ndi chipangizo chophikira. Wolemba pa mayeso a MSCE kuti amayi ake ndi "good cooker" wawasandutsa chitofu, ndipo malikisi amatayika pomwepo.

Msampha wachiwiri ndi wozama, chifukwa ziyankhulo ziwirizi sizigawa ntchito ya pamoto mofanana. Anomani atagonjetsa dziko la England m'chaka cha 1066, mawu ambiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi, ndipo ena mwa iwo ndi "fry", "roast" ndi "boil". Mngerezi amayamba wafunsa ngati pali mafuta. Tchipisi ndi zitumbuwa zimalowa m'mafuta, choncho ndi "fry". Mtedza wa m'phale suona mafuta, choncho ndi "roast", pamodzi ndi chimanga cha pamakala. Mchewa sayang'ana mafuta: cha m'chiwaya ndi cha m'phale zonse amati kukazinga, cha pamakala nati kuwotcha. Nchifukwa chake mtedza wa "fried" suchoka m'makope a ana. Mphunzitsi wongodula mzere wofiira osalongosola gwero lake, adzadulanso chaka chamawa.

Asaganize wina kuti Chichewa ndicho chosauka. Mayi wa ku Msundwe amatereka madzi, kuthyakula nsima ndi mthiko, kenaka kuomola ndi chipande. Masamba a nkhwani amafutsa kuti adzadye m'chilimwe. Mngerezi alibe liwu limodzi la kufutsa. Ayenera kunena kuti masambawo amawawiritsa pang'ono, nkuwayanika padzuwa.