Tsiku Limene Makhadi Awiri Anaphunzira Kudikirana

Kumayambiriro kwa 2013, munthu amene anali ndi makhadi awiri ojambula zithunzi a AMD Radeon HD 7970 m'kompyuta mwake ankayenda monyang'wa. Nanga akanalekeranji? Khadi limodzi lokha, litangotuluka kumene, linkagulidwa madola 549, ndiye iye anali nawo awiri, atagundizana m'bokosimo, atalumikizidwa pamwamba ndi kalamba kakang'ono ka CrossFire. Akayatsa gemu mafani ankachita mkokomo, chipinda chinkafunda, bilu ya magetsi inkakwera. Zonsezi sankadandaula nazo, chifukwa pakona ya sikirini panali kanambala kachikasu ka pulogalamu ya Fraps, ndipo kanambalako kankamuuza zokoma zokhazokha: chiikireni khadi lachiwiri, mafulemu pa sekondi awonjezeka pafupifupi kawiri.

Koma akagwira mausi n'kutembenuka mu Battlefield 3, maso ankakana. Sikuti chithunzi chinkaima, ayi. Sikutinso chinkachedwa. Chinkangoyenda modukizadukiza, kanjenjemera kosaoneka bwino koma kosaleka. Khoma likamadutsa m'mbali linkadodoma. Msilikali amene ukumulondola ndi mfuti ankasuntha modumphadumpha timipata ting'onoting'ono. Ena, atatopa nazo, ankazimitsa khadi lachiwiri kuti aone. Nambala inkagwa pafupifupi ndi theka, koma gemu inkaoneka chimodzimodzi, nthawi zina bwinoko. Tangoganizani kuwawa kwake: madola mazana asanu ndi chenje akungofunditsa chipinda.

Matendawa ankatchedwa microstutter, ndipo choipa kwambiri chinali chakuti kwa nthawi yaitali kunali kovuta kupereka umboni. Wodandaula ankauzidwa kuti ndi maso ake, kapena monita yake, kapena maganizo chabe. Olemba za makompyuta ankasindikiza matchati a mafulemu pa sekondi, ndipo pamatchatipo makhadi awiri ankapambana mosakayikitsa. Ungatsutsane bwanji ndi nambala?

Kuti timve kukoma kwa zimene zinadzachitika, tiyambe taona mmene makhadi awiri amagawirana ntchito. Gemu ndi zithunzi zoima zotsatizana mofulumira, ndipo chithunzi chilichonse ndi fulemu. Pa mafulemu 60 pa sekondi, fulemu yatsopano imayenera kufika pakatha mamilisekondi 16.7 alionse. Nzeru yophatikiza makhadi ndi yakale ndithu. Kampani ya 3dfx inayamba nayo mu 1998 ndi Voodoo2, pomwe makhadi ankagawana mizere ya chithunzi chimodzi. Nvidia inaukitsa dzina la njirayi, SLI, mu 2004, ATI n'kuyankha ndi CrossFire mu 2005, chaka chimodzi isanagulidwe ndi AMD. Koma pofika nthawi imene tikunenayi, onse anali atakhazikika pa njira yotchedwa AFR: khadi loyamba lijambule fulemu 1, 3, 5, lachiwiri lijambule 2, 4, 6.

Amene anaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi akuidziwa kale njirayi. Musi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo ntchito yonse yagona pa kupatsana mpata. Tsono yerekezani kuti misi yasokonezana: woyamba wagunda, wachiwiri wagwera pomwepo nthawi yomweyo, kenaka zii, onse akukweza. Munthu amene akuwerenga kugundako ali kuseri kwa nyumba adzati ntchito ikuyenda kawiri. Chimanga mumtondomo ndicho chikudziwa kuti chamenyedwa kamodzi.

Ndi zomwezo zimene makhadiwo ankachita. Tiyeni tiike manambala ongofanizira. Fulemu ya khadi loyamba yafika, patapita mamilisekondi 3 ya khadi lachiwiri yafikanso, kenaka mamilisekondi 30 opanda kanthu, kenaka ziwiri zina mothithikana. Mukawerenga pa sekondi yonse mupeza mafulemu 60, ndipo Fraps sinaname. Koma diso silimva avereji. Limamva mpata wautaliwo, ndipo mpata wa mamilisekondi 30 ndi wa gemu yoyenda pa mafulemu 30 ndi pang'ono. Kuwonjezera apo, mayendedwe a zinthu m'gemumo sagwirizananso ndi nthawi imene zikuonekera, n'chifukwa chake 60 yabodzayi inkanyansa kuposa 30 yoona.

Mmodzi mwa oyamba kuigwira mbalayi pagulu anali Scott Wasson wa The Tech Report, m'nkhani yake yotchedwa Inside the Second ya mu Sepitembala 2011. Mfundo yake inali yosavuta mochititsa manyazi: kwa kompyuta sekondi ndi nthawi yaitali kwambiri, ndipo zoipa zambiri zingabisale mkati mwake. M'malo mowerenga mafulemu pa sekondi, iye anayamba kulemba nthawi imene fulemu iliyonse payokha yatenga. Pa khadi limodzi mzere wa patchati unkayenda mosadumpha kwambiri. Pa makhadi awiri unkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, fulemu ndi fulemu. Zimene anthu ankauzidwa kuti akulota zinali papepala tsopano.

Panatsala khomo limodzi lothawira. Fraps imawerenga fulemu pamene gemu ikuipereka ku DirectX, isanadutse mu driver, isanajambulidwe n'komwe. Zimene zimakafika pasikirini siziona. AMD inanena zimenezi, ndipo inkanena zoona. Tsoka lake, chida choona kumapeto kwenikweniko chitabwera, nkhani inaipiraipira.

Chidacho chinali FCAT, ndipo chinaonekera poyera mu Malichi 2013. Kagwiridwe kake n'kosangalatsa. Kapulogalamu kakang'ono kamapaka mzere wa mtundu kumanzere kwa fulemu iliyonse, mitundu 16 yotsatizana mosasintha. Waya wa DVI wopita ku monita umagawidwa pawiri, nthambi ina n'kupita ku kompyuta yachiwiri yomwe imajambula zonse zotuluka, maulendo 60 pa sekondi, osataya kalikonse. Pambuyo pake mumangoyang'ana mitunduyo. Mtundu ukasowa pamndandanda, ndiye kuti fulemuyo sinaoneke konse. Mtundu ukatenga timizere tochepa, ndiye kuti fulemuyo inangosuzumira n'kukankhidwa ndi inzake. Timafulemu totereti anatitcha ma runt, ndipo malire ake ankaikidwa pa mizere pafupifupi 20. Mizere 20 pa sikirini ya mizere 1080! Kachingwe kopyapyala kopingasa chithunzi, komwe palibe diso lingakaone ngati fulemu, koma Fraps inkakawerenga ngati fulemu yathunthu.

Ryan Shrout wa PC Perspective, yemwe anathera nthawi yambiri pa njira imeneyi, anachita chinthu chankhanza koma cholungama. Anachotsa ma runt ndi mafulemu otayika, n'kuwerenga zotsala. M'magemu ngati Battlefield 3 ndi Crysis 3, makhadi awiri a HD 7970 anatsika mpaka kufupi ndi khadi limodzi. Khadi lachiwiri linkagwira ntchito ndithu, linkatentha, linkadya magetsi, koma zimene linkajambula pafupifupi sizinkaoneka.

Apa tinene chilungamo: FCAT inapangidwa ndi Nvidia, ndipo Nvidia sinaipange chifukwa chokonda anansi. Iwo anali atayamba kale kulinganiza mipata ya mafulemu pa SLI, ndipo GeForce GTX 690 ya mu 2012 ankaitsatsa ndi luso lomweli. Ankadziwa bwino amene adzachite manyazi chidacho chikafika m'manja mwa olemba nkhani. Komabe mdani wako akakulozera kuti denga likudontha, kudonthako sikusiya chifukwa cha amene wanena. Mitundu inali pavidiyo, aliyense akanatha kuimitsa n'kuwerenga yekha.

Nthawi yake inalinso yoipa kotheratu. Mu Epulo 2013 AMD inatulutsa Radeon HD 7990, khadi limodzi lalitali la mafani atatu lokhala ndi ma GPU awiri mkati, pa mtengo wa madola 999, ndi magemu asanu ndi atatu a ulere. Khadi limeneli moyo wake wonse unali CrossFire. Olemba analiyamikira mphamvu, kenaka n'kusonyeza ma runt. AMD inawapatsa driver yongoyesera yosonyeza kuti mankhwala ali m'njira, koma ogula anauzidwa kuti adikire.

Ndiye pa 1 Ogasiti 2013 kunatuluka Catalyst 13.8 beta.

Palibe anamasula sikuluwu. Palibe anagula waya, kapena fani, kapena khadi lina. Munthu ankangodawuniloda fayilo, kuiika, kuyambitsanso kompyuta. Mu Catalyst Control Center munaoneka kamzere katsopano kolembedwa Frame Pacing, kali koyatsa kale. Basi. Atsegule Crysis 3, alowe m'tchire lija lomera pa mabwinja a New York, atembenuze mausi pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo udzu, zitsulo, makoma, zonse zikutsetsereka myaa, popanda kudodoma. Makhadi omwe aja, m'bokosi lomwe lija, ndi fumbi lomwe lija m'mafani. Dzulo ankaoneka ngati chinyengo, lero akuchita zimene anagulidwira.

Kukoma kwina kunali pa kabataniko. Popeza kankazimitsika, munthu akanatha kudzionetsa yekha kusiyana kwake kangapo konse momwe angafunire. Zimitsa, tsegula gemu: kanjenjemera kaja kabwerera, ndipo tsopano ukukaona msanga chifukwa diso laphunzira. Yatsa, tsegulanso: kapita. Kwa munthu amene wakhala akuuzidwa kuti vuto ndi maso ake, palibe mphatso yoposa batani lotere. Ukhoza kuitana amene ankakutsutsa uja, kumukhazika pampando, osanena kanthu.

Matchati nawo anasintha mochititsa kaso. Kumene kunali mzere wonenepa wa inki wokwera ndi kutsika kunatsala mzere wopyapyala wonjenjemera pang'ono. Ma runt anatha. Mafulemu oonekadi anakwera kufika pafupi ndi nambala imene Fraps inkanena kuyambira kale, kotero kuti kwa nthawi yoyamba kanambala kachikasu kaja ndi maso a munthu anagwirizana. M'mayeso ambiri SLI inali idakali yosalala pang'ono kuposa CrossFire, koma kusiyanako kunali kofunika chida kuti ukuone.

Nanga driver yatsopanoyo inkachita chiyani chodabwitsa? Inkachedwetsa. Inkayang'anira nthawi imene mafulemu apitawa akhala akutenga, ndipo khadi lina likamaliza fulemu yake mofulumira kwambiri pambuyo pa linzake, inkaigwira kaye mamilisekondi ochepa kuti ituluke pakati pa mpata. Zaka zonsezi anthu ankathira ndalama pa liwiro, ndipo chimene chinkasowa chinali kakuchedwa kakang'ono koikidwa pamalo pake. M'magemu ena avereji ya mafulemu inatsikako pang'ono chifukwa cha zimenezi, koma sindikhulupirira kuti alipo amene analira nayo.

AMD inali ndi chifukwa chake chosachitira izi kale. Maganizo awo anali akuti fulemu ikangopsa iperekedwe pomwepo, chifukwa kuigwira kumawonjezera nthawi pakati pa kudina mausi ndi kuona chotsatira, ndipo osewera mopikisana amadana ndi kuchedwa kulikonse. N'chifukwa chake anasiya batani lozimitsira. Mfundoyo imamveka bwino mpaka mutakumbukira kuti fulemu yofulumirayo inkafika ngati kachingwe ka mizere 20. Kodi mdani mungamuone msanga bwanji pa kachingwe?

Si onse anavina tsiku limenelo. Driver ya 13.8 inkathandiza magemu a DirectX 10 ndi 11 okha, pa monita imodzi, mpaka pa 2560x1600. Okonda Skyrim, yomwe ndi ya DirectX 9, anatsala akuyang'ana anzawo. Anatsalanso amene analumikiza mamonita atatu ndi Eyefinity, ndi ochepa aja amene anali atagula kale sikirini za 4K, ndipo awa ndi amene ankafunadi makhadi awiri kuposa wina aliyense. Vuto lawo linali kalamba kaja. Kankatha kunyamula zithunzi mpaka pa kukula kumeneko basi, zikaposa apo zinkayenera kudzera njira ina yochedwa. AMD inathetsa nkhaniyo mu Okutobala chaka chomwecho pa Radeon R9 290X mwa kungokachotseratu kalambako: makhadi anayamba kutumizirana mafulemu mwachindunji kudzera pa PCI Express, ndi injini yotchedwa XDMA. Makhadi akale anadikira mpaka Catalyst 14.1 beta, kumayambiriro kwa 2014, kuti nawo athandizidwe pa mamonita ambiri ndi pa 4K. Pamene R9 295X2 inkatuluka mu Epulo 2014, yoziziritsidwa ndi madzi, ya madola 1,499, anthu ankakangana za mtengo ndi magetsi, osatinso za ma runt.

Chomvetsa chisoni pang'ono n'chakuti makhadi awiri anachira atatsala pang'ono kupuma ntchito. Magemu atsopano anayamba kugwiritsa ntchito fulemu yapita pojambula yotsatira, monga posalaza m'mphepete mwa zinthu, ndipo zikatero khadi lina liyenera kudikira zotsatira za linzake, phindu la AFR n'kusungunuka. DirectX 12 ndi Vulkan anasamutsira udindo wogawa ntchito kwa opanga magemu, ndipo ambiri sanaufune. AMD inasiya dzina la CrossFire mu 2017. Nvidia inasiya kulemba ma profile atsopano a SLI kuyambira Januwale 2021, ndipo RTX 4090 ya mu 2022 inabwera yopanda ngakhale polumikizira khadi lachiwiri.

Chimene chinatsala ndi kayezedwe. Masiku ano wolemba wodzilemekeza sasindikiza avereji yokha. Pambali pake amaika 1% low, yosonyeza mmene mafulemu oipitsitsa akuyendera, kapena tchati chonse cha nthawi ya fulemu iliyonse, ngakhale akuyesa khadi limodzi. Ndipo Scott Wasson, amene matchati ake anasowetsa tulo mainjiniya a Radeon, analengeza kumapeto kwa 2015 kuti akusiya The Tech Report chifukwa wapeza ntchito yatsopano. Inamulemba ndi AMD.