Aluminiyamu: Nyundo ya Mmisiri ndi Makina a CNC

Aluminiyamu ndi chitsulo chopepuka, chofewa, chosagwa dzimbiri lofiira, ndipo chimasungunuka moto ukafika madigiri 660. Mapoto ambiri amene amayi amateleka pamafuwa kwa Ndamera, ku Nsanje, ndi a chitsulo chimenechi.

Mmisiri wa pamsika amatola mapoto obooka ndi zidutswa za injini, n'kuzisungunula pa makala opemerera, kenako n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Mchengawo ukanyowa kwambiri, nthunzi imasiya timabowo, poto n'kuyamba kudontha asanaphikemo nsima n'kamodzi komwe. Lata lopyapyala ndiye amangolidula ndi sizasi, kulipinda ndi nyundo.

Makina a CNC amagwira ntchito yodulayi motsogozedwa ndi kompyuta: kampeni kozungulira kamatsata chojambula, osaphonya ngakhale milimita imodzi. Koma kufewa komweko n'kumene kumavuta. Aluminiyamu ikatentha imakakamira kumpeni ngati phala pachipande, mpeniwo n'kuthyoka. Odziwa amasema pang'onopang'ono, akupemerera mphepo kuti zinyenyeswa zichoke, lata atalimanga zolimba kuti lisanjenjemere. Makinawa amafunanso magetsi osathimathima, pamene nyundo siyembekezera zimenezo.