N'chifukwa Chiyani Chipinda China Chimasokosa Kuposa Chinzake?

Ana inu, tayesani izi mukapeza mpata. Lowani m'kalasi anzanu onse atatuluka, muime pakatikati, muombe m'manja kamodzi kokha, kenako mutchere khutu. Kuombako sikutha pomwepo. Kumatsala kakulira kena kozungulira m'chipindamo, kenako n'kuzimiririka pang'onopang'ono. Mukafika kunyumba mukaombenso kuchipinda chogona, kumene kuli matiresi, mabulangete ndi zovala zopachika. Uko kungomveka kuti phwa, basi kwatha. Manja ndi omwewo, mphamvu ndi yomweyo. Nanga chasintha n'chiyani?

Pali anthu amene funso limeneli limawakhudza tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1972, mabanja 27 a ku Denmark adayamba kukhala limodzi pamalo otchedwa Sættedammen, pafupi ndi tauni ya Hillerød, kumpoto kwa Copenhagen. Banja lililonse lidali ndi nyumba yakeyake ndi khitchini yake, koma adamanganso nyumba imodzi ya onse, yophikiramo, yodyeramo ndi yochitiramo misonkhano. Nzeru imeneyi idafalikira kumayiko ena, ndipo mu 1991 mudzi woyamba wotere ku America, wotchedwa Muir Commons, udatsegulidwa mumzinda wa Davis ku California. M'midzi yotereyi anthu amaphika mosinthana, n'kumadyera pamodzi masiku angapo pa sabata.

Mwina mukuti, "Aa, si chidyerano chimenecho?" Eya, n'zofananadi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timakonda kukhala panja, pamthunzi wa mtengo, pomwe mawu akatuluka m'kamwa amangopita osabwerera. Ku Denmark nyengo yozizira simasewera, ndipo kumada msanga. Anthu makumi asanu, ana ndi akulu, amayenera kulowa m'chipinda chimodzi n'kutseka zitseko ndi mawindo. Masipuni akugunda mbale, mipando ikukwekwerezeka, khanda likulira, wina akuseka chikhakhali. Phokoso lonselo lilibe kothawira.

Tiyeni tione kaye mmene mawu amayendera. Ikani zala pakhosi panu, munene kuti "aaaa". Mukumva kunjenjemerako? Kumeneko kumagwedeza mpweya wapafupi, mpweyawo n'kugwedeza unzake, mpaka kugwedezekako kufika m'khutu mwa mnzanu. Ulendowu ndi wachangu zedi, pafupifupi mamita 343 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti m'chipinda chotalika mamita 10, mawu akhoza kuwoloka kuchoka khoma ili kufika khoma ilo maulendo pafupifupi 34 sekondi imodzi isanathe! Akagunda chinthu cholimba ndi chosalala monga simenti, matailosi kapena galasi, amanjanja ngati mpira wachikulunga womangidwa bwino, n'kubwerera m'chipinda. Akagunda chinthu chofewa chokhala ndi timipata tambirimbiri, monga bulangete kapena thonje, amalowa m'timipatamo, n'kumakhulana ndi tiulusi mpaka mphamvu yawo kutha. Mphamvuyo imasanduka kutentha kochepetsetsa, koti dzanja lanu silingakumve n'komwe.

Vuto la chipinda cholimba paliponse ndi ili: liwu limene mwanena poyamba limakhala likuzungulirabe pamene mukunena lachiwiri ndi lachitatu. Mawu amapondana. Mnzanu akumva ndithu kuti mukuyankhula, koma chimene mukunena sakuchitola. Tsono inu mumakweza mawu. A patebulo linalo nawonso amakweza kuti amvane, inu n'kukwezanso. Palibe amene wafuna kusokosa, khosi limangochita lokha. Dokotala wina wa makutu ndi pakhosi wa ku France, Étienne Lombard, adalemba za khalidwe limeneli mu 1911, ndipo mpaka lero akatswiri amalitchula ndi dzina lake.

Amene amavutika kwambiri ndi agogo. Makutu akamakalamba amalephera kusankha mawu a munthu mmodzi pakati pa phokoso, ndipo kachipangizo kothandiza kumva nthawi zambiri kamakwezanso kulira kwa mbale ndi masipuni. Agogo amangogwedeza mutu ngati akumva, mawa lake n'kunena kuti, "Ine ndidyera kwathu." Kwa ine apa m'pomvetsa chisoni, chifukwa nyumba ija idamangidwa kuti wina asadye yekha.

Munthu amene adayamba kuyeza mwasayansi kutsalira kwa mawu m'chipinda ndi Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 adapatsidwa ntchito yokonza holo yophunziriramo ya ku Fogg Art Museum. M'holomo liwu limodzi linkamvekabe kwa masekondi oposa 5, moti ophunzira sankamva zimene aphunzitsi akunena. Sabine adagwira ntchito yake usiku, kunja kutati zii. Iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a pamipando kuchokera ku holo ina yapafupi, Sanders Theatre, n'kuwayala m'chipinda chovutacho. Kenako ankaliza chitoliro cha limba, n'kuchisiya mwadzidzidzi, wotchi ili m'manja, kuwerenga masekondi mpaka kulirako kutheretu. Akawonjezera makushoni, nthawi ija inkafupika. Kusanache ankabweza makushoni onse kwawo, kuti eni ake akawapeze m'malo mwake.

Adapezanso chinthu china chosangalatsa: munthu mmodzi wovala zovala zake amameza mawu mofanana ndi makushoni pafupifupi asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake tchalitchi chopanda anthu chimalira mosiyana ndi chodzaza Lamulungu m'mawa. Kuchokera pa kuyeza konseku, Sabine adapanga masamu othandiza kudziwiratu mmene chipinda chidzamvekere njerwa yoyamba isanaikidwe, ndipo adawagwiritsa ntchito pa holo yoimbiramo ya Symphony Hall ku Boston, imene idatsegulidwa mu 1900. Holo yoimbiramo imakoma mawu akamatsalira masekondi pafupifupi awiri. Chipinda chochezeramo chimafuna kuti azizimiririka sekondi imodzi isanakwane.

Tsono mabanja a m'midzi ija akakhala pansi ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba yawo ya onse, amayambira pati? Amene amakolopa amafuna pansi polimba, chifukwa pamatayikira msuzi ndi phala la ana. Amene amakonda kuwala amafuna mawindo akuluakulu. Onsewo akunena zoona, koma zinthu ziwirizi zimabweza mawu. Ndiye ntchito yaikulu imagwera siling'i. Kumwambako n'kotambalala, sikufika msuzi, sikufikanso timanja ta ana, choncho amakutako ndi matabwa ofewa omeza mawu, kapena amalendewetsa zidutswa zake m'mizeremizere. Pamakoma amapachika nsalu zochindikala, ndipo zimagwira bwino ntchito akasiya kampata pakati pa nsalu ndi khoma. Mashelefu a mabuku amathandizanso: mabuku aatali ndi aafupi amamwaza mawu kuti asamangogunda khoma ili n'kubwerera khoma ilo.

Zina ndi zazing'ono koma zamphamvu. Kansalu kochindikala komatidwa kunsi kwa mwendo uliwonse wa mpando kamathetsa kukwekwereza kuja. Nsalu yapatebulo imatontholetsa mbale. Matebulo ang'onoang'ono a anthu asanu ndi mmodzi amaposa chitebulo chachitali, poti palibe wofunika kukuwa kuti amvedwe kumapeto. Ena amakonza kangodya kokhala ndi siling'i yotsika ndi mipando yofewa, kuti amene akufuna kucheza mwakachetechete akhale kumeneko.

Komabe osakuta paliponse. Chipinda chikameza mawu onse, nyimbo imauma, woimba amadzimva ngati ali yekha. Poti nyumba yomweyo ndi yodyeramo lero, yovinira mawa, anzeru amaika makatani olemera oti azikoka pa nthawi ya chakudya ndi kutsegula pa nthawi yoimba.

Nanga ana akatha kudya n'kufuna kuthamangathamanga? Apa pali chinsinsi chimene ngakhale akuluakulu amasokoneza. Kumeza mawu m'chipinda ndi ntchito ina, kuwatchinga kuti asalowe chipinda china ndi ntchito inanso. Bulangete limameza, koma silitchinga. Wotchinga ndi khoma lolemera la njerwa ndi chitseko chochindikala chotsekeka bwino. Mathileyi a mazira amene ena amakhoma pakhoma ndi opyapyala ndi opepuka kwambiri, moti phokoso limangodutsa. Choncho chipinda choseweramo ana amachimanga pambali pa chodyeramo, ndi khoma lenileni pakati, n'kuikapo windo la galasi lochindikala kuti makolo aziona ana awo popanda kumva kukuwa konse. Khitchini, ndi mapoto ake ndi makina otsukira mbale, nayo imafuna chitseko chake.

Ndipo chitsekocho chisakhale ndi mpata kunsi. Paliponse pamene mpweya ungadutse, mawu amadutsanso. Mukhoza kutsimikiza nokha madzulo ano: wailesi ikulira kuchipinda, tsekani chitseko mumvetsere muli panja, kenako pindani thaulo mutseke nalo kampata kakunsi kaja, mumvetserenso.