Kusankha Sukulu ya Udokotala: Mindandanda ya Mayunivesite Imathandiza Mpaka Pati?

Chaka ndi chaka mabungwe angapo amatulutsa mindandanda yosanja mayunivesite a dziko lonse lapansi, kuyambira pa nambala 1 mpaka kumchira. Mindandandayi imafala msanga m'nyuzipepala ndi pa WhatsApp, ndipo yunivesite imene yakwera sichedwa kulengeza nambala yake. Kwa mwana amene wakhoza bwino mayeso ndipo akulakalaka udokotala, komanso kwa makolo amene adzakhetse thukuta posaka fizi, nambalayi imaoneka ngati yankho lachidule la funso lovuta. Koma mndandanda uliwonse umayeza zinthu zochepa zimene eni ake adasankha, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza kafukufuku ndi kutchuka kwa sukulu. Zimene zimaumba dokotala wodziwa ntchito, ndi zimene zimamupatsa chilolezo chogwira odwala, kawirikawiri siziwerengedwa n'komwe.

Mindandanda ikuluikulu ndi zimene imayeza

Mndandanda woyamba wa dziko lonse lapansi udatuluka mu 2003 ku Shanghai Jiao Tong University, m'dziko la China. Eni ake ankafuna kudziwa kuti mayunivesite a kwawo atsalira motani poyerekeza ndi otsogola a maiko ena. Mpaka lero mndandanda wa Shanghai umadalira kafukufuku. Malikisi 30 pa 100 alionse amachokera ku mphoto za Nobel ndi za Fields zimene aphunzitsi kapena ophunzira akale a sukuluyo adalandira, ndipo ena 20 amachokera ku zolemba zotuluka m'magazini awiri a sayansi, Nature ndi Science. Otsalawo nawonso ndi a zofufuza. Palibe malikisi a momwe wophunzira amaphunzitsidwira kuyeza wodwala.

Mu 2004 magazini ya Times Higher Education ya ku London ndi kampani ya QS adayamba kutulutsa mndandanda wawo limodzi. Adasiyana mu 2009, ndipo kuyambira 2010 aliyense amatulutsa wake. QS imadalira kwambiri maganizo a anthu. Pa mndandanda wake waukulu, malikisi 30 amachokera kwa akatswiri a maphunziro amene amafunsidwa kutchula mayunivesite omwe amawaona kuti ndi apamwamba, ndipo 15 amachokera kwa mabwana olemba anthu ntchito. Njira imeneyi imakomera sukulu zakale za maina omveka kale, pakuti munthu amatchula zimene adazimvapo. Times Higher Education imaphatikiza kaphunzitsidwe, kafukufuku, chuma chochokera ku makampani ndi chiwerengero cha ophunzira ndi aphunzitsi akunja, koma nayonso imapereka malikisi ambiri pa kutchuka ndi pa kuchuluka kwa akatswiri ena amene atchula zolemba za sukuluyo.

Palinso Webometrics, mndandanda wa ku Spain umene udayamba mu 2004. Uwu umasanja mayunivesite zikwizikwi poyang'ana makamaka momwe sukulu ndi zolemba zake zimaonekera pa intaneti. Sukulu zing'onozing'ono zambiri zimapezekamo, koma nambala yake sinena kanthu za zochitika m'kalasi kapena m'wodi.

Pamene nambala imasocheretsa

Mndandanda waukulu umasanja yunivesite yonse pamodzi: zamalamulo, zomangamanga, zaulimi ndi zachipatala mumphika umodzi. Yunivesite ikhoza kukwera chifukwa cha akatswiri ake a masamu pamene nthambi yake ya udokotala ndi yofooka. Ina ikhoza kusowa pamndandanda chifukwa imangophunzitsa zaumoyo basi. Karolinska Institutet ya ku Sweden, imene akatswiri ake amasankha wolandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala, kwa zaka zambiri sinkapezeka pa mndandanda waukulu wa QS, chonsecho pa mndandanda wa maphunziro a udokotala imakhala pakati pa zotsogola. Nayo Times Higher Education imafuna kuti yunivesite ikhale itatulutsa zolemba za kafukufuku zosachepera 1,000 m'zaka zisanu kuti iganiziridwe. Sukulu yaing'ono imene imaphunzitsa bwino ikhoza kutsala kunja pa chifukwa chokhachi.

Nambala zimathanso kupotozedwa. Mu 2010 Alexandria University ya ku Egypt idadabwitsa ambiri itakhala pa nambala 147 pa mndandanda wa Times Higher Education, ndipo zidadziwika kuti malikisi ake ambiri adachokera ku zolemba za katswiri mmodzi. Mu 2022 Columbia University ya ku New York idavomera kuti idapereka ziwerengero zolakwika ku magazini ya U.S. News & World Report, ndipo idatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18 pa mndandanda wa magaziniyo. Mu Januwale 2023 sukulu ya udokotala ya Harvard idalengeza kuti yaleka kutumiza ziwerengero zake ku magaziniyo, ponena kuti mindandanda imakopa sukulu kuchita zinthu zongokweza nambala m'malo mothandiza ophunzira. Sukulu za udokotala za Stanford, Columbia ndi Pennsylvania zidatsatira m'mwezi womwewo.

Muyeso ukasintha, otsogola amasinthanso. Mu 2010 wofufuza Fitzhugh Mullan ndi anzake adasanja sukulu 141 za udokotala za ku America poyang'ana zinthu zitatu: madokotala angati amagwira ntchito yoona odwala a tsiku ndi tsiku, angati amapita kumadera osowa madokotala, ndi angati amachokera m'magulu a anthu amene adasalidwa kwa nthawi yaitali. Patsogolo padabwera Morehouse, Meharry ndi Howard, sukulu zimene zidakhazikitsidwa kuti ziphunzitse anthu akuda, ndipo zina zotchuka pa kafukufuku zidapezeka kumunsi. Chimodzimodzi mu 2023, Times Higher Education itatulutsa mndandanda wapadera wa maiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara, woyang'ananso mwayi wa ophunzira osauka ndi phindu la sukulu ku Africa, Muhimbili University of Health and Allied Sciences ya ku Dar es Salaam idakhala pa nambala 3, kutsatira mayunivesite a Witwatersrand ndi Johannesburg.

Funso loyamba ndi la chilolezo

Digiri ya udokotala payokha siloleza munthu kugwira odwala. Dziko lililonse lili ndi bungwe lolembetsa madokotala, ndipo bungwelo ndilo limanena kuti digiri ya sukulu yakutiyakuti ndi yovomerezeka kapena ayi. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa Medical Council of Malawi, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, pamene National Council for Higher Education imaunika mapepala a maphunziro ochokera kunja. Ku Zambia kuli Health Professions Council of Zambia, ku South Africa kuli Health Professions Council of South Africa, ndipo ku Britain kuli General Medical Council. Bungwe la ku Britain, mwachitsanzo, limafuna kuti maphunziro a digiri akhale a maola osachepera 5,500, ndipo sukuluyo ikhale yolembedwa mu World Directory of Medical Schools.

Kaundula ameneyu adayamba mu 2014, ali pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kufufuzamo dzina la sukulu kwaulere. Sukulu imene mulibe ndi yoyenera kuikayikira kwambiri. Komabe eni kaundulayo amanena poyera kuti kulembedwamo sikutanthauza kuti sukuluyo idaunikidwa n'kupezeka yabwino. Chotero wofuna kukaphunzira kunja ayenera kulembera bungwe la madokotala la dziko limene akufuna kudzagwirako ntchito asanalipire ndalama iliyonse, n'kufunsa ngati omaliza pa sukuluyo amalembetsedwa, komanso mayeso amene amalemba akabwerera. Mawu a ejenti wopezera anthu malo sangalowe m'malo mwa yankho la bungweli, pakuti ejenti amapeza cholowa wophunzira akalembetsa.

Chipatala chophunziriramo

Udokotala umaphunziridwa pambali pa bedi la wodwala. Zaka zoyambirira zimathera m'kalasi ndi m'labotale, koma zotsalazo wophunzira amakhala m'wodi. M'mawa amatenga mbiri ya mayi amene wagonekedwa usiku, kufunsa gadiyani kuti matenda adayamba liti, kuyang'ana m'zikope ngati magazi achepa, kupapasa pamimba kuti amve ngati kapamba watupa, kenako kufotokoza zonsezi pamaso pa dokotala wamkulu amene amamufunsa chifukwa cha ganizo lililonse. Amaphunzira kupeza mtsempha pa dzanja la mwana wotha madzi m'thupi, kusoka bala ndi kubereketsa. Luso lotere limadza ndi kubwereza kambirimbiri pali wina womuwongolera.

Nchifukwa chake mafunso okhudza chipatala amaposa nambala ya pamndandanda. Kodi sukulu ili ndi chipatala chake chophunzitsiramo, kapena imatumiza ophunzira kuti akadzipezere okha malo? Chipatalacho chili ndi mabedi angati, ndipo ophunzira angati amazungulira wodwala mmodzi? Ophunzira akunja amaloledwa kugwira odwala, kapena amangoima kumbuyo n'kumaonerera? Sukulu zokhazikika zimadziwika pamodzi ndi zipatala zawo: University of Cape Town ndi Groote Schuur, Makerere ndi Mulago, University of Zambia ndi University Teaching Hospital ya ku Lusaka. Ku Malawi, College of Medicine imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsira pa Queen Elizabeth Central Hospital ndi zipatala zina, komanso imatumiza ophunzira ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi.

Mtundu wa matenda nawo ndi wofunika. Wophunzira wa ku Blantyre, Lusaka kapena Maputo amaona malungo, chifuwa chachikulu, Edzi, kunyentchera kwa ana ndi mavuto a uchembere tsiku lililonse. Mnzake wa kumaiko ozizira akhoza kumaliza sukulu asanaonepo mwana wokomoka ndi malungo, ngakhale atazolowera makina amakono. Dokotala wachinyamata akatumizidwa ku chipatala cha boma laling'ono amayembekezeka kuchita opareshoni yotulutsa mwana pakati pa usiku, popanda katswiri womuyang'anira. Dziko la South Africa lidazindikira kusiyana kumeneku: ophunzira ake amene amapita ku Cuba amati akabwerera amakhalanso miyezi 18 pa sukulu za udokotala za kwawo asanamalize.

Chiyankhulo, ndalama ndi mtendere

Sukulu zambiri za ku China, Russia ndi maiko ena zimalengeza kuti zimaphunzitsa m'Chingerezi. Izi zikhoza kukhala zoona m'kalasi, koma odwala m'wodi amayankhula chiyankhulo cha kwawo, ndipo wophunzira wosachidziwa sangatenge mbiri ya matenda. Ku China unduna wa zamaphunziro umatulutsa maina a mayunivesite ololedwa kuphunzitsa alendo udokotala m'Chingerezi, ndipo ndi bwino kuona ngati sukulu yosankhidwayo ilipo.

Maphunziro a udokotala amatenga zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, choncho fizi iwerengedwe ya zaka zonsezo pamodzi ndi malo ogona, chakudya, inshuwalansi ndi maulendo. Banja lolipira m'madola limasenzanso mtolo wa kugwa kwa ndalama ya kwawo. Kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo fizi yomweyo idakwera kwambiri kwa makolo olandira makwacha. Wophunzira wolekeza panjira amatsala manja ali m'khosi, chifukwa sukulu zambiri za udokotala sizilandira munthu wochokera kwina pakati pa maphunziro. Vuto lomweli lidagwera ophunzira zikwizikwi a ku Africa ndi ku India nkhondo itabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022, komanso amene ankaphunzira ku Sudan nkhondo itabuka kumeneko mu Epulo 2023.

Khomo lolowera nalo liganiziridwe. Ku America munthu amayamba udokotala atamaliza kale digiri ina, ndipo malo a alendo ndi ochepa kwambiri. Ku Britain ndi ku South Africa malo a ophunzira akunja alinso owerengeka. Sukulu zambiri zimene zili pamwamba pa mindandanda n'zosafikirika kwa mwana amene wangomaliza Fomu 4, ngakhale atakhoza motani.

Kugwiritsa ntchito mndandanda moyenera

Mindandanda ili ndi ntchito yake. Imasonyeza bwino komwe kuli kafukufuku wamphamvu, ndipo izi zimathandiza kwambiri dokotala amene adamaliza kale digiri yoyamba ndipo akufuna kukazama pa nthambi imodzi kapena kuchita PhD. Imathandizanso kudziwa maina a sukulu za m'dziko limene munthu salidziwa. Poigwiritsa ntchito, ndi bwino kuwerenga mndandanda wa maphunziro a udokotala m'malo mwa wa yunivesite yonse, kuyerekeza mindandanda iwiri kapena itatu, ndi kuyang'ana zaka zingapo motsatizana. Kusiyana kwa nambala 210 ndi 260 nthawi zambiri kumakhala kwa malikisi ochepa kwambiri, ndipo sikoyenera kusinthira chisankho.

Ndondomeko yanzeru imayamba ndi dziko limene wophunzira akufuna kudzagwirako ntchito ndi zimene bungwe la madokotala la kumeneko limavomereza. Kenako pamabwera chipatala chophunziriramo, chiyankhulo cha odwala, ndi ndalama za zaka zonse. Pambuyo pake wophunzira afunefune madokotala amene adamaliza pa sukuluyo posachedwa, awafunse kuti anzawo angati adamaliza, angati adakhoza mayeso a chilolezo ulendo woyamba, ndipo akugwira ntchito kuti. Sukulu ziwiri kapena zitatu zikapyola pa mafunso onsewa, apo ndi pamene nambala ya pamndandanda ingathandize kusankha imodzi.