Ulendo wa ku Mkaika umalipiridwa pokolola

Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kwa mabanja ambiri uwu ndiwo ulendo waukulu wa chaka: ana amaonera Gule Wamkulu, ndipo abale olekanitsidwa ndi malire a Mwami ndi Chanida amadyera mbale imodzi. Ulendowu umadya ndalama, ndipo chimene chimaukweza mtengo kwambiri ndi nthawi imene timalipira. Tonse timamasula mfundo ya chitenje sabata imodzimodzi, pamene mabasi a pa Great East Road adzaza, malo ogona ku Katete atha, ndipo wogulitsa aliyense akudziwa kuti tafika kale, sitingabwerere.

Ku America mabanja ena amachepetsa mtengo wa tchuthi pogula makadi olipiriratu. Masitolo akuluakulu monga Costco amagulitsa makadi a malo odyera a madola 100 pa madola ngati 80, ndipo banja limawasunga mpaka tsiku la ulendo. Eni malonda sachita izi mwa chifundo. Amalandira ndalama miyezi ingapo katundu asanatuluke, amatsimikiza kuti wogulayo sapita kwina, ndiponso amadziwa kuti ena adzataya kadi kapena kusiyamo zotsala. N'chifukwa chake lamulo la dzikolo la 2009 linaletsa kuti ndalama za m'makadi otere zithe mphamvu zaka zisanu zisanakwane. Mlimi wa ku Katete amene anagwirapo vocha ya fetereza ya FISP akulidziwa vuto lina la kadi: imakumanga kwa ogulitsa okhawo amene akuilandira.

Ku Mkaika kadi yotere ingagule zochepa. Mayi wokazinga tchipisi m'mbali mwa msewu, mnyamata wootcha kanyenya, wogulitsa zitenje za mwambo ndi wanjinga yamoto amafuna kwacha m'manja kapena pa Airtel Money ndi MTN. Komabe nzeru imene ili pansi pa kadiyo ndi yathu kale: wolipira msanga amakhala ndi mawu pa mtengo. Kuno ndalama zimalowa m'mudzi mu Juni ndi Julayi, soya, mtedza ndi thonje zikagulitsidwa. Imeneyo ndiyo nthawi yoti mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi a ku Sinda kapena Vubwi asonkhe pamodzi, akambirane ndi mwini minibasi, apereke chikole, mtengo ndi tsiku zilembedwe papepala pamaso pa mboni. Dalaivala amavomera kutsitsa chifukwa galimoto yodzaza yatsimikizika. Shuga, mafuta ophikira ndi sopo zigulidwe pa holoselo ku Chipata mitengo isanatenthe. Ufa, nyemba ndi nkhuku zichoke pakhomo. Apachibale okhala ku Lusaka angakonze chilimba chawo kuti wolandira mu Ogasiti akhale amene akutsogolera ulendo.

Ena anganene kuti ndalama yomangidwa ndi yoopsa, ndipo akunena zoona. Mwana akadwala usiku, chikole cha minibasi sichigula mankhwala, ndipo mwini galimoto akhoza kuzimitsa foni tsikulo likafika. Yankho lake ndi kumanga zokhazo zimene banja latsimikiza kuti lidzagwiritsa ntchito, kulipira theka lokha kwa munthu wodziwika kwa amfumu ndi kumpingo, n'kusiya ina yomasuka. Wokutumizirani uthenga pafoni wolonjeza vocha yotchipa ngati mutumiza ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi, ameneyo ndi wakuba.

Funso lolemera ndi lakuti: banja la mlimi liyenderenji konse, pamene mu Seputembala ana akubwerera kusukulu akufuna mayunifolomu ndi makope, ndipo fetereza akudikira? Funsoli ndilo likulimbitsa mfundo yanga. Banja losakonzekera limapitabe, pakuti mwambo umene atsamunda anauletsa mu 1934 n'kudzabwezeretsedwa mu 1984 anthu sausiya chifukwa cha mtengo wa basi. Limapita ndi ndalama ya fetereza, kapena ndi ya kaloba imene idzabwezedwa ndi chiwongoladzanja chowawa mu Novembala, mvula itayamba. Banja limene linapatula ya ulendo matumba akadali pakhonde limabwerera ku Vubwi ya feterezayo ili yosakhudzidwa.