Momwe zipangizo zing'onozing'ono zimadziwitsira zomwe zili nazo pa intaneti

Mita ya madzi kapena kachipangizo koyeza kutentha m'firiji yosungiramo katemera kangathe kutumiza uthenga pa intaneti, koma mphamvu zake nzochepa zedi. Bungwe la IETF, lomwe limakhazikitsa ndondomeko zoyendetsera intaneti, linafotokoza m'chaka cha 2014 kuti gulu lina la zipangizo zoterezi limakhala ndi RAM pafupifupi 10 KB basi.

Pachifukwa ichi, wolemba pulogalamu ya chipangizocho amayenera kulongosoleratu chinthu chilichonse chomwe chipangizo chingapereke kapena kulandira. Chinthu chimenechi akatswiri amachitcha resource. Chingakhale mlingo wa kutentha, kuchuluka kwa moto m'batire, kapenanso kachitseko kotsekula ndi kutseka madzi.

Pofotokoza resource iliyonse pamalembedwa zinthu zingapo: adiresi yake, mtundu wa uthenga womwe imasunga, kaya ndi nambala kapena mawu, muyeso wake, komanso ngati munthu angaiwerenge kokha kapena angaisinthenso. Pamakhalanso kagawo ka pulogalamu komwe kamayankha pempho likafika.

Ndondomeko ya CoAP, yomwe IETF inavomereza m'chaka chomwecho cha 2014, imagwiritsa ntchito malamulo anayi: GET powerenga, PUT ndi POST polemba, DELETE pofufuta. Makina ena akafuna kudziwa zomwe chipangizo chili nazo, amafunsa pa adiresi ya /.well-known/core ndipo amalandira mndandanda wonse.

Bungwe la Open Mobile Alliance linapitiriza ganizoli mu ndondomeko ya LwM2M pogwiritsa ntchito manambala m'malo mwa mawu, pofuna kufupikitsa uthenga. Mwachitsanzo, /3303/0/5700 imatanthauza chiwerengero cha choyezera kutentha choyamba, pamene /3/0/9 imaonetsa moto wotsala m'batire. Motero zipangizo za makampani osiyanasiyana zimamvana.

Kulakwitsa pa gawo limeneli kumabweretsa mavuto enieni. Muyeso ukasiyidwa, makina olandira uthenga sangadziwe ngati 8 akutanthauza madigiri a Celsius kapena Fahrenheit, pamene katemera wambiri amafunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 a Celsius. Chimodzimodzinso, resource yoyenera kuwerengedwa kokha ikasiyidwa yotsekuka, munthu wachipongwe angasinthe chiwerengero cha mita ali kutali.

Kukonza zolakwika zotere kumakhala kovuta ndi kodula zipangizo zikaikidwa kale m'nyumba zikwizikwi. N'chifukwa chake ntchito yolongosola ma resource imachitika poyambirira, mbali zina za pulogalamu zisanalembedwe.